Galimoto Tinaisiya pa Limbe

Achimwene anga a Dikisoni ndi munthu amene ku Joni amatha kuzungulira msika wonse kufuna poimika galimoto, malo opanda kanthu akuwaona. Akaimika amatsika, kuwerama kuti aone mtundu wa mzere wa m'mphepete mwa msewu, kuwerenga chikwangwani cha kutsogolo ndi cha kumbuyo, kenako n'kulowanso kuti aisunthe pang'ono. Ine ndinkawaseka kuti pikapu yawoyo amaiimika ngati akugoneka khanda. Iwo sankaseka nawo. Atangoyamba kuyendetsa kumeneko anapeza katikiti pansi pa waipa, ndipo atapita kukadandaula, wa pakauntala za galimoto sanazifunse n'komwe. Anangomva kalankhulidwe kawo n'kuitanitsa pemiti. Inali itatsala pang'ono kutha, ndiye anaswera pabenchi tsiku lonse akuganiza kuti akagona kosungira anthu obwezedwa kwawo. Kuyambira pamenepo ankandiuza kuti mwini dziko akalakwa pamsewu amalipira n'kumapita, koma mlendo akalakwa amafunsidwa kumene anabadwira.

Uthenga wa zovuta unandipeza Lachitatu ndili ku saluni ya ku Joni komweko kumene ndimaluka tsitsi. Anaimba ndi atsibweni, alongo awo a amayi, kuchokera kumudzi kwathu kuseri kwa Mbulumbuzi. Amayi anali atatisiya m'mawa womwewo. Ine ndinali nditawaonako pa Khirisimasi, koma achimwene anali asanapondeko kumudzi kwa zaka zoposa khumi. Chaka chino ndikonze kaye mapepala, chaka chinacho ntchito yachuluka, zaka n'kumapita.

"Thupi tilisunga ku mochale mpaka Lachisanu," anatero atsibweni. "Loweruka adzukulu akumba, ndipo akakumba ndiye akumba. Dzuwa likapendeka tiika, kaya mwafika kaya simunafike. Umuuze Dikisoni, ine sindingathe kulankhula naye panopa."

Basi imene inali ndi malo ikanatifikitsa Lamulungu, choncho tinagwirizana zoyenda pa pikapu imene achimwene amasamutsira anthu katundu. Che Saidi, telala wa ku Namwera amene ankakhala mpanda umodzi ndi achimwene, anali akufunafuna kale njira yopitira kwawo ndi makina awo osokera, ndiye anati athandiza mafuta tikawasiye pa Limbe. Ine ndinkafuna tinyamuke tsiku lomwelo. Achimwene anathera masana onse m'masitolo kugula mathirayango ochenjezera pamsewu, botolo lozimira moto, mavesiti onyezimira ndi timapepala tonyezimira tomata pabampala. Kunena zoona ndinapsa mtima. Amayi ali mu firiji, munthu ali kalikiliki kuyeza ngati kapepala kofiira kakhala molunjika.

Tinanyamuka Lachinayi m'bandakucha, atatu kutsogolo, ine pakati mawondo akugundana ndi giya. Msewu wa ku Polokwane ndi wosalala woti munthu n'kuuluka, koma ife ankatipitirira ndi mathiraki omwe. Chikwangwani chikati liwiro lakuti, achimwene ankachotserapo lina kuti asakayikiridwe. Che Saidi anapirira mpaka ku Musina, kenako anafunsa mwaulemu ngati phazi la achimwene linali ndi chotupa.

"Mukufuna tikagone kupolisi?" anatero achimwene. "Iwowa akangoona kuti ndife a ku Malawi, nkhani imakula yokha."

Pa Beitbridge tinathera masana onse. Mzere wa kudinditsa mapasipoti unali wina, wa mapepala a galimoto wina, ndipo ukafika kutsogolo umauzidwa kuti windo lako ndi linalo. Anyamata othandiza kudutsa mwachidule anatizinga ngati ntchentche, aliyense akulumbira kuti amadziwana ndi akuluakulu a mkati. Achimwene anawakana onse. Mayi wina wa ku Thyolo amene anali patsogolo panga, atamva kumene tinkapita, anandilowetsa pamalo pake n'kundipatsa theka la buledi wake. Dzina lake sindinamufunse, ndipo mpaka lero ndimadandaula. Tinawoloka dzuwa likulowa, n'kukagona m'galimoto pamalo ena omwetsera mafuta tisanafike ku Masvingo.

Ku Zimbabwe ndi kumene achimwene anandibwezera mawu anga. Wapolisi wa pamsewu anatiimitsa n'kuyamba kuitanitsa zinthu chimodzichimodzi, akuyembekeza kuti penapake tikodwa. Thirayango, achimwene n'kutulutsa. Chozimira moto, n'kutulutsa, mpaka kumuonetsa kamuvi kake kuti kali pobiriwira. Wapolisiyo anazungulira galimoto, kukanda ndi chikhadabo kapepala ka pabampala, kenako anatibwezera laisensi nkhope ili yogwa. Achimwene anangondiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko kunandikwana mpaka ku Harare.

Komatu zinandionetsa zakuda. Titadutsa Harare, kumene anakana kuima ngakhale kugula tchipisi poopa anthu olipiritsa poimika, ine ndinafuna kudzithandiza. Ndinanena mwaulemu, iwo anati pano pali mzere wosalola kuima. Ndinanenanso, anati pano ndi pakhona. Tchire lili mbali zonse, munthu palibe, mbuzi zokhazokha, koma iwo ankafuna malo ovomerezeka aja okhala ndi tebulo la simenti. Titawapeza ndinatsika osatseka chitseko, ndipo Che Saidi anayang'ana kumbali ngati munthu wamkulu.

Tinalowa m'dziko la Mozambiki pa Nyamapanda masana a Lachisanu. Ku Tete kumatentha ngakhale m'miyezi imene kwathu timafunda mabulangete awiri, ndipo pikapu yathu inali itatopa. Titangotsika pa mlatho wa Zambezi, nthunzi inayamba kutuluka kutsogolo. Achimwene anayesa kuikokera patsogolo pang'ono, injini n'kuzima yokha, ndendende pansi pa chikwangwani choletsa kuima. Munthu amene anayenda ulendo wonsewo osaponda mzere anaimitsidwa ndi galimoto yake yomwe pamalo oipitsitsa mu mzinda wonse.

Wapolisi wovala zoyera anabwera osafulumira. Analankhula Chipwitikizi, kuloza chikwangwani, kutenga laisensi ndi mapepala a galimoto, n'kubwerera kukakhala pamthunzi. Achimwene anamutsatira n'kuima patali pang'ono manja ali kumbuyo, atavala vesiti yawo yonyezimira, thukuta lili kamukamu. Wapolisiyo ankaimitsa magalimoto ena, kucheza ndi anzake, kuyankha foni, ngati palibe munthu amene akumudikira.

"Inu Alomwe si paja mumati makolo anu anachokera kuno?" anandinong'oneza Che Saidi. "Kamuuzenitu kuti mwabwera kwanu."

Sindinaseke. Ndinkayang'ana mthunzi wa chikwangwani chija ukutalika, ndikudziwa kuti nthawi yomweyo kumudzi akukatenga thupi ku mochale. Kenako ndinangopezeka ndaimirira. Ndinapita pamthunzi paja, kugwada pafumbi monga ndikanachitira kwa munthu wamkulu kwathu, n'kunena m'Chinyanja changa chomwechi kuti amayi athu amwalira, akuika mawa, ndipo awa ndi mwana wawo woyamba. Anthu a ku Tete chilankhulo chawo sichitalikirana ndi chathu. Bamboyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana achimwene.

"Mai wanu?" anafunsa.

Achimwene anagwedeza mutu. Wapolisi uja anavula chipewa, kenako anawabwezera mapepala onse m'manja. Anakuwira bambo wina wogulitsa madzi kuti abweretse chigubu, ndipo iye mwini anaima pamsewu kupatutsa magalimoto mpaka injini itazizira. Titanyamuka, achimwene analira koyamba chimvereni uthenga uja. Ankalira manja onse ali pa chiwongolero, liwiro lili lomwe lija.

Pa boda ya Zobue tinapeza atatseka, tinagona pomwepo. Loweruka m'mawa tinawolokera ku Mwanza, kumene galimoto ya nambala yakunja imafunika pepala lake lolowera, ndipo patsogolo pathu panali madalaivala a mathiraki amene anagona pamzere. Pamene tinkatuluka pageti dzuwa linali litakwera ndithu, komabe nthawi inalipo. Kuchoka pa Mwanza kufika kwathu si ulendo woopsa.

Chimene ndinaona n'chakuti achimwene anasintha titangodutsa getilo. Mapewa anatsika, mawu anakwera. Anapatsa moni amayi ogulitsa manachesi ngati amawadziwa, kufunsa za mvula ya chaka chino, kuseka ndi anyamata osintha ndalama. Vesiti ija anaiponya kumbuyo kwa mpando. Kenako anapita pa mtengo wa mango, kuthyola nthambi zamasamba, n'kuzisomeka kutsogolo kwa galimoto ndi pansi pa mawaipa.

"Kwathu kuno galimoto ya maliro saiimitsa," anatero. "Ndikukumbuka pa maliro a abambo, lole inachoka ku chipatala mpaka kumudzi, aliyense akupatuka."

Ndipo zinaoneka ngati akunena zoona. Pa rodibuloko ya pa Zalewa wapolisi anaona masambawo, anasuzumira n'kuona duku langa ndi maso anga otupa, n'kungoti pepani, yendani bwino. Achimwene anapumira m'mwamba. "Waona, Esinati? Tafika kwa anthu." Anayamba kuponda mafuta moti Che Saidi anagwira chitseko n'kunena kuti chotupa chija chaphulika.

Tili pa Lunzu atsibweni anaimba kuti mwambo wa panyumba wayamba, akwaya akuimba, anthu aona nkhope posachedwa. Ndinawauza kuti tayandikira. Apa ndi pamene achimwene ananena kuti aima pa Limbe agule nkhata. Ndinawauza kuti amayi a kumpingo amakhala ataluka kale nkhata za maluwa a m'mudzi, imodzi sangatimane.

"Zaka zonsezi osabwera, ndiye ndifike chimanjamanja?" anatero. "Ndikaike pamanda a amayi anga nkhata yobwereka?"

Ndinawasiya, chifukwa ndinamva kumene mawuwo ankachokera.

Limbe wa Loweruka ndi wodzadza, maminibasi, mawilibala, anthu ogula katundu wa maoda, poponda palibe. Achimwene sanazungulire n'kamodzi komwe. Anakweza matayala awiri pakhonde la sitolo ina yaikulu, pamalo otsitsira katundu, n'kuzimitsa injini. Chikwangwani chinali pamutu pathu penipeni.

"Achimwene, chikwangwanitu icho," ndinatero.

"Masambawo sakuwaona? Tiye, sitichedwa."

Che Saidi anatsika kukafunsa za galimoto za ku Mangochi, ife tinalowa m'kanjira ka kuseri kumene amagulitsa nkhata. Sitinachedwedi. Achimwene anasankha ya maluwa oyera, yaikulu, osanenerera mtengo. Pobwera tinapeza tayala lakutsogolo litalumidwa ndi chitsulo chachikasu chokhala ndi loko, chija amati kilampu, ndipo pambali pake panaima bambo wina wa imvi zapatalipatali atavala vesiti ya ntchito.

"Galimotoyi ndi yanu, bwana?" anafunsa. "Nambala za kunjazi timazidziwa. Mumangoimika paliponse ngati msewu munagula."

"Ine si wakunja," anatero achimwene. "Ndine wa pa Mbulumbuzi pompa. Simukuona masamba? Tikupita kumaliro."

"Masamba? Masiku ano wa makala amasomeka masamba, wa tomato amasomeka masamba. Tikati tiziyang'ana masamba ndiye Limbe yense ali pamaliro."

Anali asanamalize kulankhula pamene anaona nkhata ija m'manja mwa achimwene. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso nkhata, mawu ake n'kutsika. Anafunsa kuti watisiya ndani, ndipo titamuuza anagwira pakamwa. Anati akanakhala ndi kiyi akanatsegula pomwepo, mlandu akanausenza yekha, koma iye ntchito yake ndi yolondera galimoto zokhomedwa. Kiyi anali ndi anzake amene anakhoma, ndipo anali atapita ndi galimoto ya ntchito mbali ya ku Blantyre. Anawaimbira ife tikumva, kuwachonderera, iwo n'kuyankha kuti akubwera.

Kudikira kwa pa Limbe kunandipweteka kuposa kwa m'maboda onse, chifukwa kwathu kunali pafupi moti phiri la Chiradzulu ndikanaliona ndikanakwera pamwamba pa sitoloyo. Anthu anayamba kusonkhana, aliyense ndi nzeru zake. Wina anati tiphwetse tayala, chitsulocho chivuka chokha. Mayi wogulitsa nthochi anayamba kumukalipira bambo wa vesiti uja kuti alibe umunthu, iye n'kungowerama. Panabwera wowotcherera zitsulo wina ndi sowo yake, akuti angodula loko basi. Bambo uja sanamuletse, anangonena motsitsa kuti loko akaduka, Lolemba iye ntchito yatha, ndipo ali ndi ana kusukulu. Achimwene anayang'ana sowoyo nthawi yaitali, kenako anamuuza mwini wake kuti abwerere nayo.

Anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, nkhata ili pamiyendo. "Esinati," anatero, "kunja konse kuja ndinkadziwa kuti ndine mlendo, ndiye ndinkayang'ana. Kuno ndinaiwala kuyang'ana." Ndinawamvera chisoni chimene sindinawamverepo chibadwire. Anali atavala suti yakuda imene anasinthira pa Mwanza, yomwe inali itayamba kale kutuwa ndi fumbi.

Bambo uja anaimbanso, anamuyankha kuti ali m'njira. Anaimbanso, foni sinayankhidwe. Kenako inalira yanga.

"Anthu aona nkhope, bokosi tatseka," anatero atsibweni. "Tikunyamuka kupita kumanda. Muli pati kodi?"

Ndinawauza achimwene mawu omwewo, osachotsera. Anaimirira, koma m'malo moyenda anagwira chitseko cha pikapu. Ndinawamvetsa. Galimoto imeneyo ndiyo inali munda wawo, ndipo kumene anachokera, munthu ukasiya galimoto pamsewu ndi katundu umakaipeza ili mafupa okhaokha. Che Saidi, amene anali atabwerera kalekale n'kumangoonerera, anatambasula dzanja.

"Che Dikisoni, galimoto siiwola. Bweretsani makiyi kuno. Ine ku Namwera ndipita mawa, palibe akundidikira ndi khasu."

Achimwene anawapatsa makiyi ndi mapepala onse. Bambo wa vesiti uja anatitsogolera yekha mothamanga, akupatula anthu, mpaka pa siteji ya maminibasi a ku Zomba. Anaimitsa imene inali itayamba kale kutuluka, n'kuuza kondakitala kuti awa ndi anamfedwa, akawatsitse pa Mbulumbuzi, asaime nawo m'njira. Tisanakwere anagwira dzanja la achimwene ndi manja awiri n'kunena kuti pagalimoto paja sachokapo mpaka anzake atabwera.

Malo munalibe, koma anthu anafinyana. Nkhata inadutsa pamwamba pa mitu n'kukakhala pamiyendo ya agogo ena a kumbuyo, amene anaigwira bwinobwino ulendo wonse kuti isaphwanyike. Pa Njuli dalaivala anafuna kuima kuti adikire anthu ena amene ankabwera chapatali ndi matumba. Minibasi yonse inamuukira. Mayi wina anamufunsa ngati iyeyo anachita kugwa kumwamba opanda mayi, ndipo dalaivalayo anabweza giya mwakachetechete.

Pa Mbulumbuzi tinakwera njinga za kabaza ziwiri. Njira ya kwathu imadutsa m'minda ya nandolo, ndipo achimwene ankangoyang'ana uku ndi uku, nyumba zimene ankazidziwa zitasanduka zina. Tisanafike pamudzi tinapeza nthambi zitayalidwa panjira, ndipo anyamata a njinga aja anatsika monga amachitira aliyense podutsa pamaliro. Achimwene sanawakakamize. Anakumbatira nkhata n'kuyamba kuthamanga, bambo wa mimba yake, nsapato zothina, kulowera kumene kunkamveka nyimbo. Ine ndinavula zanga n'kuwatsatira.

Kumanda tinapeza bokosi atalitsitsa kale. Abusa anali atatseka buku, ndipo adzukulu anali atagwira makasu. Atsibweni anationa tikutulukira m'mitengo, anakweza dzanja, nyimbo n'kuzima pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo. Anthu anapatuka. Ambiri sanawazindikire achimwene, ndinkamva amayi akunong'onezana kuti ameneyo ndi ndani.

Anafika pamphepete pa dzenje akupuma movutika. Anafunsa atsibweni ngati n'kotheka kuona nkhope, atsibweni n'kupukusa mutu, misozi ili m'masaya. Achimwene sanatsutse. Anagwada pa dothi lofiira lija, kusuzumira pansi, n'kulankhula ndi mawu wamba, ngati munthu amene waima pakhomo akuodira.

"Amayi, ndine Dikisoni. Ndabwera. Ndinachedwa pa Limbe."

Adzukulu anadikira mpaka achimwene atadzuka okha, kenako anayamba kukwirira.